KUYIMBA PAMODZI PA TSIKU LOTSEKERA SUKULU

1. Tsiku la Kukolola

Ana inu, chaka cha sukulu chifanana ndi chaka cha m'munda. Pali nyengo yososa, pali nyengo yobzala, pali nyengo yopalira, ndipo potsiriza pake ifika nyengo yokolola. Masiku ano sukulu za m'dziko la Malawi ziyamba chaka mwezi wa Seputembala, nizitseka mwezi wa Julayi. Pamene atate ndi amai anu ambiri anali ana a sukulu, chaka chinkatha pafupi ndi Khirisimasi, mvula itayamba. Koma inu mutsekera m'nyengo ya chisanu. Pa nthawi imeneyi kuno ku Mwanza chimanga chiri m'nkhokwe, udzu wauma m'mapiri a Thambani, ndipo manachesi apsa, nadzaza madengu m'mbali mwa mseu wopita ku Zobue.

Pa tsiku lotsekera pasonkhana anthu ambiri. Abwera makolo, abwera a komiti ya sukulu, ndipo kawirikawiri mfumu ya mudzi ikhala pa mpando patsogolo. Tsono mphunzitsi wamkulu aimirira ndi pepala m'manja, nayamba kuitana maina: uyu wakhala woyamba, uyu wachiwiri, awa akhoza, awa abwereza kalasi. Uku kumveka nthungululu. Uko mwana wawerama, alikukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Mai wina anyamula mwana wake m'mwamba, mai wina angomanga chitenje chake, osanena kanthu.

Nkoyenera kuti zotsatira za mayeso ziwerengedwe, pakuti wolima ayenera kudziwa chimene wakolola. Koma taonani chimene pepala lija lichita. Ana amene analowa pa khomo limodzi chaka chonse, nabwerekana pensulo, nagawana chinangwa pa nthawi yopuma, tsopano agawikana pawiri, okondwa ndi achisoni. Kodi ndi bwino kuti sukulu ibalalike chomwecho, nikhala masabata ambiri ana osaonana? Iai. Patsala ntchito imodzi imene woyamba ndi wotsiriza akhoza kuigwira mofanana, ndiyo kuyimba pamodzi. M'phunziro lino tiona chifukwa chake sukulu yanzeru siitaya ntchito imeneyi.

2. Nyimbo Inatsogola, Sukulu Inatsata

Musaganize kuti kuyimba pamodzi kunabwera ndi sukulu. Makolo athu anali kuyimba kalekale, asanaone choko kapena bolodi. Amai awiri kapena atatu posinja pa mtondo umodzi ayimba, kuti minsi yao isagundane. Nyimbo ndiyo iuza munsi uliwonse nthawi yake yotsika. Anthu polima dima ayimba, ndipo makasu akwera pamodzi natsika pamodzi, kufikira munda umene mwini wake akadalima sabata lathunthu utha dzuwa lisanapendeke. Atsikana ayimba chitelele pa mwezi, alikuomba m'manja. Angoni a kwa Kanduku avina ngoma, mapazi onse namenya nthaka nthawi imodzi. Pa maliro amai achezera usiku wonse ndi nyimbo, kuti ofedwa asatsale okha ndi chisoni chao. Ngakhale nthano za agogo ziri ndi nyimbo pakati, ndipo mwana amene savomera adziwika kuti wagona.

Tsono yang'anitsitsani mamangidwe a nyimbo zimenezi. Zambiri ziri ndi mbali ziwiri: mmodzi atsogolera, ena onse avomera. Wotsogolera aponya mau ake, naleka, nasiya mpata. Ovomera alowa pa mpatapo, naibweza nyimbo kwa iye. Makolo athu anazimanga nyimbo zao chotero, kuti munthu mmodzi asathe kuzitsiriza yekha. Kayeseni tsiku lina kuyimba nyimbo ya pa mtondo muli nokha ku nkhuni. Mudzafika pa mpata uja, ndipo mudzamva kuti pasowa munthu.

Paja akulu anati, kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu. Mwambi umenewu mwaumva kawirikawiri ndi makutu. Koma pamene muyimba nyimbo yovomerezana, muuphunzira ndi pakamwa panu ndi chifuwa chanu chomwe.

3. M'mene Nyimbo Inalowera m'Sukulu

Sukulu zoyamba m'dziko lino anazitsegula ndi amishoni. A Mpingo wa ku Scotland anamanga mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876. Ansembe a Montfort anafika ku Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist anayamba ntchito yao ku Matandani mu 1908. Paja Neno anali mbali ya boma lathu la Mwanza kufikira chaka cha 2003. Mipingo imeneyi inasiyana pa zinthu zambiri, koma yonse inaphunzitsa ana kuyimba, ndipo mphunzitsi wa m'mudzi anayenera kudziwa kutsogolera nyimbo monga anadziwa kuphunzitsa masamu.

Nanga anaphunzitsa bwanji, popeza sukulu za m'midzi zinalibe limba? Ambiri anatsata njira ija ya do, re, mi, fa, so, la, ti, do. Chiyambi chake nchakale ndithu. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, mmonke wa ku Italy, dzina lake Guido wa ku Arezzo, anapatsa mau a nyimbo maina, kuti anyamata ake aphunzire msanga. Pambuyo pake, ku England, mai wina wa ku Norwich, Sarah Glover, anakonza njirayo kuti ithandize ana a sukulu. Ndipo m'zaka za m'ma 1840 mbusa John Curwen anaikonzanso naifalitsa. Ubwino wake ndi uwu, kuti siifuna chuma. Choko chimodzi, bolodi ndi khutu labwino zikwanira kuti ana makumi asanu aphunzire nyimbo imene sanaimvepo.

Poyamba nyimbo zambiri za m'sukulu zinali za kunja, zongotembenuzidwa m'chinenero chathu. Koma panali ena amene anaona kuti anthu a kuno ali nazo nyimbo zao zokoma. Ku Embangweni, m'boma la Mzimba, kumene mbusa Donald Fraser anakhala kuyambira 1902, Angoni ndi Atumbuka analimbikitsidwa kupeka nyimbo zatsopano pa mayimbidwe a makolo ao, ndipo ankasonkhana kupikisana pa kuyimba. Mmodzi wa opeka otchuka anali Mawelera Tembo, ndipo nyimbo zake ziyimbidwabe kufikira lero.

Imvaninso za mphunzitsi wina wa ku South Africa, Enoch Sontonga, amene anaphunzitsa pa sukulu ya mishoni pafupi ndi Johannesburg. M'chaka cha 1897 iye anapeka nyimbo yopempherera Africa, naiphunzitsa ana ake a sukulu. Nyimboyo inayenda pakamwa ndi pakamwa, nidumpha mitsinje ndi malire, ndipo lero mayimbidwe ake amveka m'nyimbo za fuko za South Africa, Tanzania ndi Zambia. Ana aja amene anaima pamaso pa mphunzitsi wao, nabwerezabwereza mzere umodzi mpaka kutopa, sanadziwe kuti alikusenza chinthu chachikulu chotero. Ifenso tiri nayo nyimbo ya fuko lathu, imene anapeka Michael Sauka, niyamba kuyimbidwa pamene dziko linalandira ufulu mu 1964. Ambiri a ife tinaiphunzira pa bwalo la sukulu, tiri pa mzere ndi anzathu.

4. Chimene Nyimbo Ichita m'Thupi

Ikani chala pa khosi panu, nimunene kuti aaa. Mukumva kanthu kalikunjenjemera. M'kholingo mwanu muli timinofu tiwiri topyapyala. Mpweya wochokera m'mapapo ukapyola pakati pa timinofuto, tinjenjemera, ndipo liu libadwa. Mwa munthu wamwamuna wamkulu polankhula tinjenjemera koposa ka 100 pa sekondi imodzi. Mwa mwana, pafupifupi ka 300. Ndicho chifukwa chake mau a atate anu ali aakulu, ndi anu ali aang'ono ndi okwera.

Woyimba bwino sakoka mpweya ndi mapewa ai. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wotambalala ngati lichero lovundikira. Mnofuwo ukatsika, mimba ituluka pang'ono, nthiti zitambasuka, ndipo mapapo adzaza. Mwana wophunzira kuyimba aphunzira kuima chiriri, kupuma mozama, ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Luso lomwelo lidzamthandiza pamene aimirira kuwerenga pamaso pa kalasi, ndi pamene adzakula nayankhula pa bwalo la mfumu.

Palinso chinthu china chodabwitsa. M'chaka cha 2013 anthu ophunzira a ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, anayeza kugunda kwa mitima ya achinyamata oyimba pamodzi. Anapeza kuti poyimba nyimbo imodzi mitima yao inayamba kufulumira pamodzi ndi kuchedwa pamodzi. Chifukwa chake nchosavuta kumva: oyimba mzere umodzi akoka mpweya nthawi imodzi nautulutsa nthawi imodzi, ndipo mtima utsata mpweya. Makolo athu pakunena za anthu ogwirizana ankati ali ndi mtima umodzi. Tsono taonani, poyimba mau amenewa akhala oona ngakhale m'thupi momwe.

5. Woyimba Bwino Ndiye Womvera Bwino

Ana ambiri ayesa kuti kuyimba ndi ntchito ya pakamwa. Koma funsani aliyense wotsogolera kwaya, adzakuuzani kuti ndi ntchito ya khutu poyamba. Poyimba wekha ungomva liu lako. Poyimba ndi anzako uyenera kumva liu lako, liu la mnzako wa kumanja, liu la mnzako wa kumanzere, ndi ng'oma imene iri kumbuyo. Ndipo uyenera kudzikonza wekha kuti ulingane nao.

Pali ana a mitundu inai amene aononga nyimbo. Woyamba ndi wofuula. Iye ali ndi liu lokoma, nadziwa kuti ndi lokoma, ndipo afuna kuti amai ake okhala kumbuyo amve iye yekha. Akatero, nyimbo ya ana makumi asanu isanduka nyimbo ya mwana mmodzi ndi phokoso la ena. Akumbukire mwana wotere kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Wachiwiri ndi wothamanga, amene afika pa mapeto a mzere anzake akali pakati. Wachitatu ndi wamanyazi, amene agwedeza milomo koma liu osatuluka. Iye ayesa kuti sanalakwe kanthu, koma wasiya dzenje m'nyimbo, ndipo mnzake wa pambali asowa potsamira. Wachinai ndi wonyoza, amene aseka mnzake akaphonya. Uyu ndiye woopsa koposa, pakuti ndiye asandutsa ana ena kukhala amanyazi.

Mankhwala a onse anai ndi amodzi, ndiwo kumvera. Lamulo lake ndi ili: ngati sukumva liu la mnzako wa pambali, wakweza kwambiri, ngati sukumva liu lako, watsitsa kwambiri.

Pofika pa nyimbo ya mau awiri kapena anai, phunzirolo likula. Ena ayimba sopulano, ndiwo mau okwera otenga mutu wa nyimbo. Ena ayimba aluto, pansi pake pang'ono. Ndipo aphunzitsi aamuna ndi anyamata aakulu athandiza ndi tena ndi besi. Pamenepo mnzako ayimba zosiyana ndi zako, koma sanalakwe. Ndipo iwe uyenera kugwira njira yako mosataya, ukumvabe njira yake. Ichi ndi chinthu chovuta, ndipo akulu ambiri sachidziwa pa milandu ndi pa misonkhano. Mwana amene wachiphunzira m'nyimbo wapeza nzeru imene idzamthandiza m'banja ndi m'mudzi.

Maso nawonso ali ndi ntchito. Munaonapo munthu alikudula mtengo tsidya la chigwa? Nkhwangwa itsika, ndipo patapita kanthawi ndipo mumva kugunda kwake. Liu liyenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, koma kuwala kufika pomwepo. Chifukwa chake sukulu yonse ikafola pa bwalo lalikulu, ana a kumapeto akadikira kumva a kutsogolo adzatsalira m'mbuyo. Onse ayang'ane dzanja la wotsogolera, ndipo adzayamba pamodzi ndi kutsiriza pamodzi.

6. Chifukwa Ninji pa Kutha kwa Chaka?

Kuyimba nkwabwino tsiku liri lonse. Koma pa tsiku lotsekera pali anthu amene aifuna nyimbo koposa masiku ena. Tiyeni tiwaone mmodzimmodzi.

Pali mwana amene wakhala woyamba. Iye wagwira ntchito, ndipo ayenera kutamandidwa. Koma kutamandidwa kuli ngati uchi: pang'ono kupatsa mphamvu, kochuluka kudwalitsa. Pamene atsika kolandira mphoto, nalowa pa mzere, nakhala liu limodzi pakati pa mau ambiri, akumbutsidwa kuti mutu umodzi susenza denga.

Pali mwana amene walephera. Za iyeyu ndizo tiyenera kuganizira kwambiri, pakuti ali pa mphambano. Mwezi wa Seputembala ukafika, kodi adzabwera kudzabwereza kalasi, kapena ai? Kuno kwathu zomkoka ziripo zambiri. Pali ganyu, pali malonda a pa mseu ndi pa chipata cha malire, kumene magalimoto aakulu aima usana ndi usiku. Ndipo kwa mtsikana pali anthu onong'oneza za ukwati nthawi yake isanakwane. Sukulu ya pulaimale yakhala yaulere kuyambira chaka cha 1994. Koma si ndalama zokha zimene zichotsa mwana pa sukulu. Manyazi nawonso achotsa. Ngati chinthu chotsiriza chimene mwanayo amva pa bwalo ndicho dzina lake pakati pa olephera, adzasenza mau amenewo tchuthi chonse. Koma ngati pambuyo pake aimirira ndi anzake, ndipo kapena ndiye atsogolera nyimbo, sukulu yonse nimuvomera, apita kwao alikudziwa kuti malo ake alipobe, ndi kuti popanda iye pakadasowa kanthu. Nyimbo siisintha malikisi ake ai, adzayenerabe kulimbikira. Koma imtsegulira khomo lobwerera.

Pali ana a Sitandade 8 amene alikutsazika. Ena adzasankhidwa kupita ku sekondale, ena adzatsala pa mudzi, ndipo pakupita kwa zaka ena adzakwera mabasi aja opyola pa malire athu, kudzera ku Tete ndi ku Zimbabwe, kunka ku Johannesburg. Gulu limeneli silidzaimanso lonse pamodzi. Makope adzang'ambika, yunifolomu idzachepa, koma nyimbo ndi katundu wosalemera, ndipo pa malire palibe amene aiitanitsa msonkho. Funsani agogo anu za masamu amene anaphunzira ali ana, kapena aiwala. Afunseni nyimbo ya pa sukulu pao, ndipo mudzaona nkhope yao iwala.

Palinso mlendo. Boma lathu lidziwa bwino za alendo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa 1,000,000, ndipo ambiri analowera kuno. M'zaka za 2015 ndi 2016 anthu zikwi zambiri anafikanso pa mudzi wa Kapise. Ndipo masiku onse pali ana obwera kuchokera ku maboma ena, atate ao atasamutsidwa pa ntchito. Mwana wachilendo achita mantha kuyankha funso m'kalasi, kuopa kuti anzake adzaseka kalankhulidwe kake. Koma kuvomera nyimbo akhoza tsiku loyamba lomwe. Ndipo mukampempha, kapena adzakuphunzitsani nyimbo ya kwao. Paja mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Potsiriza pali makolo. Ena a iwo sadziwa kuwerenga, ndipo sangathe kuyesa okha zolembedwa m'kope mwanu. Koma palibe kholo losadziwa kuyesa nyimbo. Akamva ana mazana alikuyamba pamodzi ndi kuleka pamodzi, adziwa kuti pa sukulu pano pali mwambo, ndipo mtima wao ukhala pansi.

7. Kodi Si Kutaya Nthawi?

Alipo ena amene anena kuti, Nyimbo siidyetsa munthu; ana awerenge za mayeso basi. Mau awa tisawapeputse, pakuti onenawo afunira ana zabwino, ndipo nzoona kuti sukulu yongoyimba osawerenga iri ngati munda wa maluwa okhaokha m'chaka cha njala. Koma tiwayankhe ndi zinthu zitatu.

Choyamba, nyimbo ndi nkhokwe ya nzeru. Ambiri a inu munaphunzira malembo, kuwerenga manambala, ndi maina a masiku ndi a miyezi mwa kuyimba, ndipo simunaiwale. Chimene chalowa ndi nyimbo sichituluka msanga.

Chachiwiri, nyimbo inola chinenero. Chichewa chathu chiri ndi kukwera ndi kutsika kwa mau kumene sikulembedwa pa pepala. Tanenani kuti mtengo, kutanthauza umene ubala zipatso; tsono nenani mtengo, kutanthauza ndalama zogulira chinthu. Malembo ndi amodzi, koma khutu limva kusiyana. Chomwechonso khungu la pa thupi ndi khungu la maso. Mwana wozolowera kuyimba akhala ndi khutu lakuthwa pa zinthu zotere, natchula mau momveka, osameza mapeto ake.

Chachitatu, nyimbo yosayimbidwa ifa. M'zaka za 1950 ndi 1958 munthu wina, dzina lake Hugh Tracey, anayenda m'midzi ya dziko lino ndi makina ojambulira mau, najambula nyimbo za makolo athu. Zojambulazo zisungidwa kufikira lero ku International Library of African Music, mu mzinda wa Makhanda ku South Africa. Anachita bwino ndithu. Koma nyimbo ya m'makina iri ngati mbeu yosungidwa m'chiguduli pa tsindwi: siiola, komanso siimera. Munda wake wa nyimbo ndi pakamwa pa ana. Lero mafoni ndi mawailesi atiyimbira usana ndi usiku, ndipo pali ngozi yakuti tidzasanduka anthu ongomvera nyimbo za ena, osadziwa kuyimba zathu. Sukulu ikapanda kusamala, ndani adzasamala?

8. Makonzedwe Ake

Tsiku limodzi siliwoza mbewa. Nyimbo za potsekera ziyambe kukonzedwa patatsala masabata anai, mphindi khumi ndi zisanu tsiku liri lonse; zimenezo ziposa kuyimba tsiku lathunthu dzulo lake la mwambo, mau nkusasa.

Nyimbo zitatu zikwanira. Yoyamba ikhale ya makolo, imene ana okha akaitenga kwa agogo ao, pamodzi ndi tanthauzo lake. Ndipo agogowo aitanidwe kudzakonza pamene palakwika. Yachiwiri ikhale ya mau awiri kapena anai, yophunziridwa pa bolodi ndi do, re, mi. Yachitatu ikhale yatsopano, yopeka ana eni ake, yonena za chaka chimene chathachi: mvula m'mene inagwera, mitengo imene munabzala, mpira umene munapambana, anzanu amene alikuchoka. Popeka, yambani mwanena mauwo mokweza, ndipo mayimbidwe atsate kukwera ndi kutsika kwa mau, kuti tanthauzo lisapotoke. Mau akhale oyera; nyimbo yonyoza munthu, mudzi, mtundu kapena chipembedzo cha wina isamveke pa bwalo la sukulu. Zonse zikatha, anthu onse aimirire, ana ndi akulu, nayimbe nyimbo ya fuko.

Lamulo loposa onse ndi ili: asachotsedwe mwana ndi mmodzi yemwe. Kwaya yosankhika iri ndi malo ake, koma pa tsiku lotsekera pakhale nyimbo ya sukulu yonse. Mwana wophonya mau aime pakati pa awiri odziwa, ndipo khutu lake lidzakula. Mnyamata amene mau ake ayamba kusweka asasekedwe. Kholingo lake lirikukula, monga lichita mwa mwamuna aliyense, ndipo ayimbe mofatsa pa mau amene awatha. Wachibwibwi alimbikitsidwe, pakuti ambiri achibwibwi poyimba sadodoma konse. Wosamva bwino aime pafupi ndi ng'oma, aone dzanja la wotsogolera, naombe m'manja. Wosatha kuimirira akhale patsogolo ndi chisekese. Ndipo popeza ndi nyengo ya chisanu, musayambe ndi kufuula m'mamawa. Yambani ndi kung'ung'udza pang'ono kufikira pakhosi patenthe.

Ndipo nyimbo yaikulu ibwere pambuyo pa kuwerenga zotsatira, isatsogole. Pepala linene zake, pakuti nzoona. Koma mau otsiriza a chaka akhale a ana onse pamodzi.

Ana inu, mukabwerera kwanu musaisiye nyimbo pa bwalo la sukulu. Kaiphunzitseni ang'ono anu, kaiyimbeni popita ku madzi ndi pobwera ku nkhuni. Ndipo ngati mudziwa mnzanu amene walephera, nanena kuti sadzabweranso, mwezi wa Seputembala mukadzere kwao m'mamawa, mukamuuze kuti, Tiye, pa mzere pathu pasowa liu lako.

MAFUNSO

1. Tchulani ntchito zitatu za m'mudzi zimene anthu agwira alikuyimba. Nyimbo ithandiza bwanji pa ntchito iri yonse?
2. Chifukwa ninji munthu mmodzi sangathe kutsiriza yekha nyimbo yovomerezana?
3. Enoch Sontonga anali yani, ndipo nyimbo yake inafika kuti?
4. Liu la munthu libadwa bwanji?
5. Tchulani ana a mitundu inai amene aononga nyimbo. Mankhwala ao ndi otani?
6. Chifukwa ninji nyimbo yaikulu iyenera kubwera pambuyo pa kuwerenga zotsatira za mayeso?

NTCHITO

Pitani kwa munthu wachikulire wa m'mudzi mwanu, mumpatse moni mwaulemu, nimumpemphe akuphunzitseni nyimbo imodzi imene ankayimba ali mwana. Lembani mau ake m'kope mwanu, ndi nthawi imene inkayimbidwa, ndi tanthauzo lake. Mawa mudzatsogolere, ndipo kalasi lonse lidzavomera.